Nyimbo zathu zikufanana ngati usipa, ndipo vuto lili pa nambala 16

Pali dandaulo limene likuzungulira m'magulu a WhatsApp a kuno kwathu, pa siteji ya kabaza, ngakhalenso pakati pa amayi ogulitsa nsomba pa mlatho wa Chia. Akuti nyimbo za ana a masiku ano ndi imodzimodzi, chimasintha ndi dzina la woyimba basi. Pitani kobenetsa nyimbo, muuze mnyamata wa pakompyuta akuikireni za oyimba a m'boma lino la Nkhotakota zokhazokha, kenako muzimvere motsatizana. Ikamafika yachinayi mukhala mutaiwala kuti yoyamba inathera pati. Kachuni kake komweko, ka manoti anayi kapena asanu kobwerezabwereza. Ng'oma yake yomweyo. Pamene biti imadukira n'kuyambiranso, pomwepo.

Akuluakulu akuti ndi ulesi. Ma DJ a m'zikwati akuti ndi zimene anthu akuvina, iwo alakwanji. Oyimba akuloza chala mapulodyusa, mapulodyusa nawo akuloza oyimba amene amalowa mu situdiyo foni ili m'manja n'kunena kuti, "Aise, undipangire ngati iyi." Aliyense ali ndi mbali yake yoona. Koma pali wolakwa wina amene sakutchulidwa pa mlanduwu chifukwa alibe pakamwa. Ndi timabokosi 16 timene timandandalika pa sikirini ya pafupifupi pulodyusa aliyense kuyambira ku Benga mpaka ku Dwangwa. Dzina lake ndi step sequencer.

Mfundo yanga ndi iyi: chida chimenechi chatipatsa situdiyo imene makolo athu sanailotepo, koma chinabwera ndi kawerengedwe ka eni ake. Tikapanda kukhudza nambala imeneyo, tidzangokhalira kupanga nyimbo za ena, ndipo nyimbo ya mwini siigulitsika m'dzina lako. Choncho nkhaniyi si ya luso lokha ayi, ndi ya ndalamanso.

Ngati mumadziwa bawo, mwachidziwa kale

Tiyambe n'kumasulirana, chifukwa si onse amene anakhalapo pambali pa pulodyusa. Synth ndi pulogalamu ya pakompyuta kapena pafoni imene imatulutsa mawu a zoimbira popanda chingwe, chikopa kapena bango. Mawuwo amapangidwa ndi masamu m'kati mwa makinawo. Ma synth ambiri amene anyamata amagwiritsa ntchito, monga Sylenth1 ndi Nexus, ali ndi kagawo m'kati mwake koimbira chuni chokha popanda munthu kuthamangitsa zala pa kiyibodi. Kagawo kameneka ndiko tikukambako.

Taganizirani thabwa la bawo. Lili ndi maenje 32, mizere inayi, ndipo wosewera aliyense ali ndi maenje 16 ake. Step sequencer ili chimodzimodzi ndi mbali yako ya bawo: mabokosi 16, ndipo makina amayenda bokosi ndi bokosi kuyambira loyamba mpaka lomaliza, kenako n'kubwerera poyambira, ngati dzanja la katswiri likufesa timiyala. Bokosi limene mwaikamo noti limalira. Limene mwalisiya lopanda kanthu limakhala chete.

M'bokosi lililonse muli zinthu zingapo zoti musankhe. Choyamba ndi kukwera kapena kutsika kwa noti: 0 ndi noti imene mwadina pa kiyibodi, +7 ndi masitepe asanu ndi awiri pamwamba pake, -5 ndi asanu pansi pake. Chachiwiri ndi mphamvu, kuti notiyo imenyedwe mwaukali kapena mongoigusa. Chachitatu ndi kutalika, kuti idukire msanga kapena ikokedwe. Pali ndi batani lolumikiza bokosi ndi linzake kuti noti imodzi itenge malo awiri kapena atatu, ndipo m'ma synth ena muli lotsetsereka nalo kuchoka pa noti ina kupita pa ina, muja amachitira woyimba akamalira maliro.

Mukamaliza kudzaza, mumangodina batani limodzi la kiyibodi n'kuligwira, chuni chonse n'kumadziimba chokha. Mukadina lina, chuni chomwecho chimasamukira pamwamba kapena pansi. Pa liwiro la amapiano, cha m'ma 112 pa mphindi, mabokosi 16 onsewo amatha m'masekondi awiri ndi kachidutswa. Ndiye nyimbo ya mphindi zinayi ndi kuzungulira thabwa lomwelo maulendo oposa 100. N'chifukwa chake zimene mwaika m'mabokosiwo ndi nkhani yaikulu. Zikakhala zobwereka, nyimbo yonse ndi yobwereka.

Zinachokera kuti, ndipo zatithandiza chiyani

Mu 1980 kampani ya ku Japan ya Roland inatulutsa makina oimbira ng'oma otchedwa TR-808, okhala ndi mabatani 16 ondandalika kutsogolo kwake. Mu 1981 inatulutsanso TB-303, kabokosi koti kazilowa m'malo mwa woimba gitala ya besi. Oyimba sanakakonde, kanalephera pamsika, ndipo kampani inasiya kukapanga mu 1984. Anyamata osauka a ku Chicago ndi amene anakatola kotchipa m'mashopu a kaunjika, n'kuyamba kupotokola mabatani ake mosiyana ndi mmene eni ake anafunira. Gulu la Phuture linatulutsa "Acid Tracks" mu 1987, ndipo mtundu watsopano wa nyimbo unabadwa. Sungani nkhani imeneyi, tiifunanso kutsogoloku.

Kumapeto kwa 1997 kampani ya Image-Line ya ku Belgium inatulutsa FruityLoops, imene inasintha dzina kukhala FL Studio mu 2003. Inatenga mabatani 16 aja n'kuwaika pa sikirini. Lero ndiyo pulogalamu imene mungaipeze m'masitudiyo ambiri a m'Malawi muno, ndipo ilinso pafoni monga FL Studio Mobile.

Tisaname, chidachi chatitukula. M'zaka za m'ma 1990 munthu wa kuno wofuna kujambula nyimbo ankayenera kupeza thiransipoti yopita ku Balaka, ku situdiyo ya IY ya a Paul Banda, kapena ku Blantyre, n'kukadikira pamzere. Lero mnyamata amene bambo ake ndi msodzi, amene sanagwirepo gitala, angathe kupanga biti pa laputopu yakale yotchajidwa ndi sola. Pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, mabizinesi ambiri odalira magetsi anaima, koma wopanga mabiti pafoni ankangofuna pawabanki. Ine amene sukulu ya ukachenjede inandithera panjira, ndimachilemekeza chida chimene sichifunsa satifiketi.

Ndipo tikuchifuna. Chambo chinachepa, aliyense wa kuno akudziwa. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Wachinyamata amene angapeze kangachepe popanga biti ya kwaya, kanyimbo kotsatsa malonda a shopu kapena nyimbo ya chinkhoswe, ameneyo wapulumutsa pakhomo. Vuto si kuti anyamata akupanga nyimbo pakompyuta. Vuto ndi loti onse akugulitsa katundu mmodzi pamsika umodzi, ndipo tikudziwa zimene zimachitika ndi mtengo wa usipa tsiku limene mabwato onse abwera odzaza.

16 si nambala yathu yokha

Mabokosi 16 amatanthauza kuti mwendo umaponda kanayi, ndipo kuponda kulikonse kwagawidwa panayi. Zinayi kuchulukitsa ndi zinayi. Ndi kawerengedwe ka house, hip hop, dancehall ndi amapiano. Kumagwirizananso bwino ndi malipenga ndi mganda, magule amene anatengera perete wa asilikali nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha. Choncho sindikunena kuti 16 ndi mlendo wotheratu.

Koma magule athu ambiri sayenda choncho. Mverani ng'oma za manganje, za vimbuza, kapena zambiri za gule wamkulu. Mwendo umapondabe kanayi, koma kuponda kulikonse kwagawidwa patatu. Zinayi kuchulukitsa ndi zitatu, 12. Yesani pompano pamene mwakhalapo: werengani 1 mpaka 12 mobwerezabwereza, mwendo uziponda pa 1, 4, 7 ndi 10, manja aziwomba pa 1, 3, 5, 7, 9 ndi 11. Manja akuwomba katatu pamene mwendo waponda kawiri. Chiuno chikayamba kugwedezeka chokha musadabwe, thupi lazindikira kwawo. Akatswiri ofufuza nyimbo za mu Africa, monga Gerhard Kubik wa ku Austria amene anagwira ntchito zaka zambiri ndi malemu Donald Kachamba wa ku Chileka, analemba zambiri za kuzungulira kwa 12 kumeneku. Koma agogo anu sanadikire buku kuti akudziwe.

Tsono chimachitika n'chiyani woyimba akabwera ndi nyimbo imene inamubwerera m'mutu akupalasa bwato, ikuyenda pa 12, pulodyusa n'kutsegula pulogalamu ili pa 16? Nyimboyo imapanikizidwa kuti ikwane. Manoti amakankhidwira m'mabokosi oyandikira. Pomaliza woyimba amati, "Zikumveka bho, koma si mmene ndimaimvera." Pulodyusa amamuyankha kuti akuphonya biti. Chonsecho wophonya si woyimba, ndi thabwa limene lamuikira maenje olakwika.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kukonza kwake ndi kwa masekondi asanu. Pafupifupi sequencer iliyonse ili ndi malo osinthira chiwerengero cha mabokosi ndi liwiro lake. Ikani mabokosi 12, liwiro muike pa 1/8T, basi mwalowa m'bwalo la kwanu. Kabatani kameneka kalipo, kungoti mavidiyo ophunzitsa a pa YouTube amene timathera nawo bandulo anapangidwa ndi anthu amene sakusowa 12, ndiye sakutchula.

Mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo

Vuto lachiwiri ndi la chilankhulo. Nenani mokweza: mtengo wa mango. Nenaninso: mtengo wa sopo. Malembo ndi omwewo, koma pa woyambawo mawu amakwera pa "te", pa wachiwiriwo amangoyenda pansi. Chichewa chili ndi chuni chake kale tisanachiike pa biti. Komanso tikafika kumapeto kwa chiganizo timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: sitinena "nyanja" modukiza, timati "nyaanja".

Oyimba akale ankayamba ndi mawu, chuni n'kumatsatira. Ife tatembenuza. Pulodyusa amatsegula Nexus, n'kusankha preset, kutanthauza chuni chimene kampani inaikiratu m'mabokosi, n'kudina batani limodzi. Chuni chimenecho anachilemba munthu wa ku Ulaya amene sanamvepo Chichewa. Woyimba ndiye amapinda mawu ake kuti alowe mmenemo. Zotsatira zake ndi nyimbo zija mumamva mawu aliwonse koma simukugwira chimene akunena, kapena zija mayi anu amafunsa kuti, "Kodi ameneyu ndi Mmalawi?"

Onjezani apo kuti preset imeneyo ili pa laputopu ya aliyense amene anakopera pulogalamu pa fulashi yomweyo. Mnzanu wa ku boma ali nayo, wa ku Salima ali nayo, wa ku Lagos ali nayo. Ndiye tikudabwa chiyani kuti nyimbo zikufanana?

Palinso kamsampha kena kakang'ono. Chuni cha mu sequencer chikamasamuka ndi batani limene mwadina, chimasamuka chonse monga chilili. Noti ya +4 imene imakoma pa batani loyamba ikhoza kugwera kunja kwa kiyi pa batani lachiwiri. Pothawa zimenezi anyamata ambiri amangokhala pa mabatani awiri otetezeka nyimbo yonse. Uko ndiye kufanana kwinanso.

"Koma amapiano ndi amene akugulitsa"

Ndikudziwa yankho la anzanga a m'masitudiyo, ndipo silopusa. Akuti kasitomala ndi bwana. Akuti pa ukwati, nthawi ya pelekanipelekani, DJ akaika log drum ndalama zimauluka. Akuti oyimba ngati Zeze Kingston atchuka ndi amapiano a Chichewa, ndiye ife tikanirenji? Zoona. Pulodyusa wa kuno sangakane ntchito chifukwa cha chikhalidwe pamene kunyumba kulibe ufa wa kondowole.

Koma tiyeni tione kumene amapianowo anachokera. Anabadwira m'makomboni a ku Pretoria ndi Johannesburg, kwa anyamata amene anasakaniza kwaito, house ndi kiyibodi ya kutchalitchi, zinthu za kwawo. Log drum imene tikuikopera inachokera mu ka synth kakale ka mu FL Studio kotchedwa Fruity DX10, kamene anthu ambiri ankangokadumpha. Iwo anakatenga n'kukagwiritsa ntchito mwa njira yawo, ngati anyamata a ku Chicago aja. Kabza De Small ndi DJ Maphorisa sanatchuke pokopera wina.

Kwa anansi athu ku Tanzania nkhani ndi yomweyo. Singeli inabadwira m'makomboni a ku Dar es Salaam monga Tandale, pa makompyuta otchipa, potenga taarab ndi magule a Azaramo n'kuwathamangitsa kupyola 200 pa mphindi. Poyamba ankaitcha nyimbo ya anthu osalongosoka. Mu 2017 kampani ya Nyege Nyege Tapes ya ku Kampala inatulutsa chimbale cha "Sounds of Sisso", ndipo oyimba ake anayamba kuitanidwa ku Ulaya. Ku South Africa komweko, Nozinja wa ku Giyani anatenga kavinidwe ka Atsonga n'kukaika pa mawu a marimba a pakompyuta, cha m'ma 180 pa mphindi, mpaka kampani ya Warp ya ku Britain inamutulutsira chimbale mu 2015.

Kwathu kuno umboni ulipo. Madalitso Band, anthu awiri, gitala ndi babatoni, anachoka m'misewu ya Lilongwe, n'kukaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo kuyambira pamenepo akhala akuzungulira maiko a ku Ulaya. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anadziwika kunja ndi babatoni wake. Agogo a Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, anagwedeza TikTok ndi "Linny Hoo" atajambulanso ndi Patience Namadingo mu 2020. Palibe mmodzi mwa amenewa amene anapita kunja chifukwa chomveka ngati wa ku Johannesburg. Wa ku Johannesburg alipo kale, ndipo amachita bwino kuposa ife.

Kumbukiraninso za Balaka. Nthawi imene ija anthu ena ankadandaulanso kuti nyimbo zikufanana, ndipo zambiri zinkapangidwa pa kiyibodi. Koma kufanana kwake kunali ndi adiresi. Ukamva ukanena kuti iyi ndi ya ku Balaka, ndipo Lucius Banda, amene anatisiya mu June 2024, anamanga dzina lake pa maziko amenewo. Kufanana si tchimo. Tchimo ndi kufanana kopanda kwawo.

Mu September 2024 chikondwerero cha Lake of Stars chinachitikira ku Fish Eagle Bay, m'boma lathu lomwe lino. Alendo ochokera maiko osiyanasiyana anadutsa mu msewu wa M5, pamlatho pathu pompano. Funso limene linanditsalira ndi ili: mmodzi wa iwo akanaima n'kufunsa kuti nyimbo ya ku Chia imamveka bwanji, tikanamuikira chiyani?

Zoti muyese usiku uno

Kwa amene muli ndi laputopu kapena foni, nazi zimene ndikuganiza kuti zingasinthe zinthu popanda kugula chilichonse.

Yambani ndi pakamwa, osati ndi preset. Nenani chiganizo chanu mokweza kangapo, muchijambule pafoni. Mwachitsanzo: mwera wawomba, mabwato abwerera. Werengani maphatikizo ake, ndi 12 ndendende. Mverani pamene mawu akukwera ndi pamene akutsika, ndipo manoti a m'mabokosi atsatire njira yomweyo. Pa "wo" wa "wawomba" ndi "re" wa "abwerera" lumikizani mabokosi awiri kapena atatu, chifukwa ndi pamene pakamwa pamakoka. Chiganizocho chitambasuleni pa maulendo awiri a mabokosi 12 kuti woyimba apeze popumira.

Chepetsani manoti. Tengani asanu okha: 0, +2, +4, +7 ndi +9 ngati nyimbo ndi yachisangalalo, kapena 0, +3, +5, +7 ndi +10 ngati ndi yodandaula. Manoti asanuwa sagundana, ndiye mumakhala omasuka kuganizira za kayendedwe.

Siyani mabokosi ena opanda kanthu. Nyimbo zathu ndi zotsogolera ndi kuvomera. Synth ikalankhula m'theka loyamba, isiyire woyimba kapena kwaya theka lachiwiri. Sequencer yodzaza mabokosi onse ili ngati munthu wolankhula pamaliro osapatsa mpata anzake.

Musamenye manoti onse ndi mphamvu imodzi. Woyimba ng'oma samenya mofanana, dzanja lina limagunda, lina limangosisita. Pa mabokosi 12, yesani kuika mphamvu pa 1, 3, 5, 8 ndi 10, ena onse akhale ofewa, mumve mmene chuni chikuyambira kuvina.

Ngati kasitomala akufunabe amapiano, mpatseni, koma mubisemo kwanu. Ng'oma zisiyeni pa 16, chuni cha synth muchiike pa mabokosi 12 a liwiro lomwelo. Ziwirizi zimasemphana n'kudzakumananso pakatha mabokosi 48, ndiye khutu silitopa msanga ngakhale manoti ndi omwewo.

Kwa okonda kukumba mozama, ngakhale masitepe a kiyibodi si lamulo la Mulungu. Kumunsi kwa Shire, ku Nsanje ndi Chikwawa, valimba ya Asena imachunidwa pogawa mtunda wa noti ndi inzake ya pamwamba m'masitepe asanu ndi awiri pafupifupi ofanana, zimene piyano singathe. Ma synth aulere monga Surge XT ndi Vital amalola kusintha kachunidwe kotere. Aulere enieni, osati obedwa.

Za umwini ndi ndalama

Apa ndiye pagona nkhani. Chuni cha preset si chanu. Kampani imalola amene anagula pulogalamu kuchigwiritsa ntchito, koma imalolanso anthu ena onse amene anagula. Wina kunja akatulutsa nyimbo ndi chuni chomwecho n'kuilembetsa msanga, makina a YouTube ozindikira nyimbo angathe kuloza yanu kuti ndi yokopera. Mukatsutsa bwanji, pamene pulogalamu yanu ndi ya pa fulashi? Ndikumvetsa chifukwa chake anthu sagula. FL Studio yotsika mtengo kwambiri ndi madola 99, kupyola K170,000 pa mtengo wa kubanki, ndipo madolawo kuwapeza kwake mukukudziwa. Koma chuni chimene mwadzaza nokha bokosi ndi bokosi, chochokera pa mawu anu, chimenecho ndi chanu, ndipo mungathe kukachilembetsa ku COSOMA, bungwe limene lakhala likuteteza umwini wa ntchito zaluso kuyambira 1992, pansi pa lamulo limene linakonzedwanso mu 2016. Pulodyusa ndi woyimba muzilemberana papepala kuti chuni ndi cha ndani nyimbo isanatuluke. Ubale umatha nyimbo ikaphulika.

Kenako pali AI. Mapulogalamu monga Suno amatulutsa nyimbo yathunthu munthu akangolemba chiganizo chimodzi, ndipo mu June 2024 makampani akuluakulu a Universal, Sony ndi Warner anasumira Suno ndi Udio powaganizira kuti anaphunzitsa makina awo ndi nyimbo za eni popanda chilolezo. Makina otere amachita bwino pa zimene zadzaza kale pa intaneti. Amapiano wamba angakupangireni m'mphindi imodzi, mwaulere kapena motchipa. Ngati geni yanu ndi kupanga amapiano wamba, mpikisano wanu tsopano ndi makina osadya, osagona, osalipira lendi. Chimene makinawo sanachimve mokwanira ndi chioda cha amayi a ku Nkhotakota, nyimbo za asodzi pokoka khoka, ndi kalankhulidwe ka m'mphepete mwa nyanja muno. Chuma chathu chili pamene intaneti sinafike.

Koma potenga za makolo tisakhale akuba ifenso. Mukapita kwa amayi a chioda kukajambula kawombedwe ka m'manja, pemphani, fotokozani chimene mukachite nacho, atchuleni pa nyimboyo, ndipo kakapezeka kangachepe kawafike. Za gule wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, zili ndi eni ake ndi malamulo ake. Zina ndi za pabwalo, zina ndi za kudambwe, ndipo zakudambwe si zoika pa TikTok. Funsani akuluakulu musanatsegule rekoda.

Tigawane ntchito

Mapulodyusa, pa mabiti asanu amene mupange mwezi uno, imodzi ikhale pa 12, yopanda preset. Oyimba, lekani kulowa mu situdiyo ndi nyimbo ya wina pafoni, lowani ndi yanu pakamwa. Ma DJ, pakati pa amapiano awiri ponyanipo ya mwana wa kuno, muone ngati azakhali akhale pansi. A wailesi ya Nkhotakota Community Radio, ola limodzi pa sabata la mabiti opangidwa m'boma lino, omvera n'kumasankha yowakomera, lingachite zambiri kuposa misonkhano khumi ya achinyamata. Ndipo ife omvera, amene timadandaula kuti nyimbo zikufanana, tizigawana ndi anzathu ija yamveka mosiyana, osati kuiseka kuti ndi yachimidzi.

Pa bawo, thabwa ndi limodzi kwa aliyense, koma katswiri amadziwika ndi kafesedwe. Kusiyana kwake n'kwakuti thabwa la pakompyutali limalola kuchotsa maenje anayi. Chotsani, muone chimene chituluke.